Wotchi Silandira Chiphuphu: Mmene Mayeso a Thupi a Usilikali Amakhozedwera



Mphekesera yoti a Malawi Defence Force ayamba kulemba asilikali ikangomveka, ife aphunzitsi sitichedwa kudziwa. Anyamata amene tidatsanzikana nawo zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo amayamba kufika ku ofesi kudzafuna makalata aumboni. M'mamawa tikamachokera ku swala ya Fajr timakumana nawo mumsewu akuthamanga, ena atavala nsapato za mpira, ena opanda nsapato n'komwe, thukuta lili kamukamu. Pakatha sabata ziwiri msewu uja umakhalanso zii. Kenaka timamva kuti ambiri abwerera, ndipo mawu amene amabwera nawo ndi amodzimodzi chaka ndi chaka: "Kumeneko n'kwa odziwana. Wopanda m'bale wake asavutike."

Mawu amenewa amatonthoza wolephera, koma amawononga mng'ono wake amene akumvetsera. Mwana wa Fomu 2 akamva zimenezi amaphunzira kuti kukonzekera n'kutaya nthawi, chofunika n'kufunafuna munthu woti am'patse kangachepe. Ife tikuona mosiyana. Tikakhala pansi ndi anyamatawa n'kuwafunsa mofatsa kuti zidayenda bwanji, ambiri amavomera kuti mpweya udawathera mtunda usanathe, kapena dokotala adawapeza ndi vuto limene iwo samalidziwa, kapena pepala lina lidasowa. Adakonzekera sabata ziwiri mayeso ofunika miyezi inayi. Choncho m'kalata ino tikufuna tifotokoze mmene mayeso a thupi amawerengedwera, chifukwa munthu sangakhoze mayeso amene sakudziwa kachongedwe kake.

Makomo atatu

Wofuna usilikali amadutsa makomo atatu. Loyamba ndi la mapepala: chiphaso cha unzika, satifiketi ya MSCE, zaka zakubadwa, ndi umboni woti alibe mlandu. Lachiwiri ndi la mphamvu za thupi, pamene amayeza msinkhu ndi kuona mmene munthu amathamangira komanso mmene thupi lake limapirira. Lachitatu ndi la madokotala. Kulephera pa khomo limodzi n'kulephera onse. Mapointi abwino a MSCE sathamangira munthu, ndipo miyendo yaliwiro sichiza maso osaona bwino.

Zaka zofunika, msinkhu wofunika ndi maphunziro ofunika zimalembedwa m'chilengezo cha chaka chimenecho. Chilengezocho ndiye lamulo, osati zimene wanena msuweni wa mnzanu kapena uthenga wongotumizirana pa WhatsApp. Chiwerengeni chonse, mzere ndi mzere, ndipo ngati simukumvetsa bwerani nacho kusukulu tidzawerengere limodzi.

Chinanso choti tikumbukire n'chakuti ofunsira amachuluka kwambiri kuposa malo. Mayeso a kusukulu aliyense wofika pa malikisi okhozera amakhoza. Kulemba ntchito n'kosiyana: ngati ofika pa mlingo ali ambiri, amene ali patsogolo ndi amene amatengedwa. Wongokwanitsa mlingo movutikira ali ngati wofika padoko bwato litadzaza kale.

Mmene malikisi amawerengedwera

Magulu ankhondo ambiri pa dziko lapansi amayeza zinthu zofanana: kupirira kwa mtima ndi mapapo pothamanga mtunda wautali, mphamvu za m'manja ndi pachifuwa, ndi mphamvu za pamimba ndi msana. Kuti tione bwino mmene manambala amayendera, titenge chitsanzo cha mayeso amene gulu lankhondo la dziko la America lidagwiritsa ntchito kwa zaka pafupifupi 40 kuyambira 1980, chifukwa malikisi ake adasindikizidwa poyera ndipo ndi osavuta kuwatsata.

Mayesowo adali ndi zigawo zitatu: mapushapu kwa mphindi 2, ma sit-up kwa mphindi 2, ndi kuthamanga mamailosi 2, omwe ndi makilomita 3.2. Chigawo chilichonse chidali ndi malikisi 100, onse pamodzi 300. Kuti munthu akhoze amayenera kupeza malikisi osachepera 60 pa chigawo chilichonse. Kwa mnyamata wa zaka 17 mpaka 21, malikisi 60 amatanthauza mapushapu 42, ma sit-up 53, ndi kumaliza mtunda uja pa mphindi 15 ndi masekondi 54. Kuti apeze malikisi onse 100 amafunika mapushapu 71, ma sit-up 78, ndi kuthamanga pa mphindi 13. Kwa mtsikana wa zaka zomwezo, mlingo wokhozera udali mapushapu 19, ma sit-up 53, ndi mphindi 18 ndi masekondi 54. Pambuyo pake mayesowo adasinthidwa, zigawo zidafika 6, ndipo mu 2025 adazichepetsa kukhala 5, koma lamulo la malikisi 60 pa chigawo chilichonse lidatsalabe.

Manambala amenewa ndi a dziko lina, koma akutiphunzitsa zinthu zitatu zimene zimagwira ntchito paliponse pamene pali woyeza ndi wotchi.

Choyamba, malikisi sabwerekana. Tiyerekeze mnyamata wapeza 100 pa mapushapu, 100 pa ma sit-up, koma 55 pa kuthamanga. Onse pamodzi ndi 255, kuposa mnzake amene wapeza 65 pa chigawo chilichonse n'kukhala ndi 195. Komabe wa 255 uja walephera, wa 195 wakhoza. Ophunzira athu izi si zachilendo kwa inu. Mukudziwa kuti pa MSCE munthu akhoza kuchita bwino masamu ndi sayansi, koma akalephera Chingerezi satifiketi sapeza. Chigawo chimene mumachizemba pokonzekera ndi chimene chidzakubwezeni.

Chachiwiri, sawerenga zimene mwachita, amawerenga zimene mwachita molondola. Pa pushapu thupi liyenera kuwongoka ngati thabwa kuyambira m'mapewa mpaka m'zidendene, chifuwa chitsike mpaka mikono yakumtunda ilingane ndi nthaka, kenaka zigongono ziwongoke. Pa mayeso a ku America aja, munthu akalakwitsa woyeza sakuwa ayi, amangobwereza nambala yomwe ija. Iwe mumtima uli pa 40, iye akadali kunena kuti 23, 23, 23. Ukagona pansi kuti upume, chigawocho chathera pomwepo. Tidaona kusukulu kuno mnyamata amene amadzitama kuti amachita mapushapu 60. Titam'gonetsa pansi n'kuika chibakera cha mnzake pansi pa chifuwa chake kuti azichikhudza ulendo uliwonse, adakwanitsa 18.

Chachitatu, kuthamanga n'kugawa mphamvu. Makilomita 3.2 ndi maulendo 8 kuzungulira bwalo la mamita 400. Mphindi 15 ndi masekondi 54 zikutanthauza kuti ulendo uliwonse utenge pafupifupi mphindi 2, kasanu n'katatu konse. Ulendo woyamba aliyense amautha pa mphindi imodzi ndi theka. Mayeso enieni ali pa ulendo wachisanu ndi chimodzi. Palinso njira zina zoyezera chinthu chomwechi. Dokotala wina wa asilikali a m'ndege ku America, Kenneth Cooper, mu 1968 adakonza mayeso oona mtunda umene munthu angathamange pa mphindi 12. Kwina amagwiritsa ntchito mizere iwiri yotalikirana mamita 20, munthu n'kumathamanga uku ndi uku motsatira kulira kwa belu limene limanka lifulumira, mpaka atalephera kulipeza. Njira zonsezi zikufunsa funso limodzi: kodi mtima ndi mapapo ako zingagwire ntchito yolemetsa kwa nthawi yaitali bwanji?

Chifukwa chake amphamvu amabwerera

Ana a kuno si ofooka. Mnyamata amene wakula akupalasa bwato ku Makawa kapena ku Chembe, kukoka makoka ndi kusenza mabigiri a usipa, ali ndi mapewa amene anzake a m'tauni amangowasirira. Wa ku Namwera ndi ku Katuli wazolowera zitunda. Wa kabaza amanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga kuchokera pa Boma kukafika kutali. Ndiye bwanji amalephera?

Thupi limazolowera ntchito imene mumalipatsa, osati ina. Kupalasa kumalimbitsa msana ndi mikono pokoka, pamene pushapu ndi ntchito yokankha. Njinga imalimbitsa ntchafu, koma siphunzitsa mapazi, akakolo ndi misongolo kulandira kulemera kwa thupi maulendo zikwizikwi pa msewu wouma. Wampira amathamanga mamita 30 n'kuima, kuyenda pang'ono, n'kuthamanganso. Ukamuuza kuti athamange mphindi 15 osaima, amayamba ngati mphepo ya mwera, pofika pakati wagwira m'chiuno.

Pali kusiyananso kwa nthawi imene ziwalo zimatenga kuti zikhwime. Mpweya umayamba kusintha pakatha sabata zochepa, koma mafupa ndi mitsempha zimafuna miyezi. N'chifukwa chake amene amadzuka mwadzidzidzi n'kuyamba kuthamanga makilomita 10 tsiku lililonse, pa sabata yachiwiri misongolo imakhala ikuwawa moti sangathe kuponda. Amafika pa tsiku la mayeso ali wovulala kale. Kuthamanga kwa sabata ziwiri kumene timakuona mumsewu kuja nthawi zambiri kumachotsa mphamvu m'malo mowonjezera.

Ndiye pali kutentha. Tonse tikudziwa mmene dzuwa la October ndi November limaotchera kuno kunyanja. Munthu amene wagona ndi njala, sadamwe madzi okwanira, waima pamzere kuyambira m'bandakucha, kenaka n'kuthamanga ndi mphamvu zake zonse dzuwa lili paliwombo, akhoza kukomoka ngakhale kutaya moyo. Chizungulire, mutu waukulu, kusanza, kuyankhula zosamveka ndi kudzandira ndi zizindikiro zoti munthu aime, apite pamthunzi, athiridwe madzi ndi kuthamangira naye kuchipatala. Palibe ntchito imene ili yoposa moyo wa mwana wanu.

Khomo la dokotala

Ili ndi khomo limene makolo angathandizepo kwambiri, koma ndi limene timaliiwala. Madokotala amayeza maso, makutu, kuthamanga kwa magazi, chifuwa, mafupa ndi zina zam'thupi. Ena mwa mavuto amene amabweza ana athu ndi ochizika, akadadziwika msanga.

Tinene mosabisa za likodzo. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ku Nankumba, m'mbali mwa Shire ndi ku Malombe, ana ambiri amakula akusamba ndi kuwedza m'madzi momwe muli nkhono zofalitsa matendawa. Mnyamata akamakodza magazi, ena mpaka lero amati n'kukula. Si kukula ayi, ndi matenda. Likodzo limadya magazi pang'onopang'ono, ndipo magazi ndi amene amanyamula mpweya kupita nawo ku minofu. Munthu wochepa magazi angalimbikire chotani, liwiro lake limakhala ndi malire. Mankhwala ake, praziquantel, alipo m'zipatala ndipo ndi omwe aja amagawidwa m'sukulu. Malungo obwerezabwereza ndi njoka zam'mimba nazo zimachepetsa magazi chimodzimodzi. Atsikana ali pa chiopsezo chachikulu cha kuchepa magazi chifukwa cha kumwezi.

Choncho wofuna usilikali ayambire kuchipatala, osati kumsewu. Akayezetse mkodzo, magazi, maso ndi kuthamanga kwa magazi miyezi ingapo mayeso asanafike. Ngati pali vuto lochizika, lichizidwe. Ngati pali vuto losachizika, monga msinkhu wosafika kapena matenda a mtima, ndi bwino kudziwa lero n'kuyang'ana njira ina kusiyana n'kutaya zaka zitatu ukuyembekezera chitseko chimene sichidzatseguka. M'boma lathu lomweli muli sukulu ya zausodzi ku Mpwepwe ndi sukulu ya zapamadzi ku Monkey Bay. Kubwezedwa ku usilikali si kutha kwa moyo.

Ndipo tichenjeze za kubisa matenda. Amene amabisa mphumu kapena khunyu kuti adutse kwa dokotala sadapusitse dokotalayo, wadzitchera yekha msampha umene udzafwamphuka ali pakati pa maphunziro, kapena pamene anzake akudalira iye.

Za njira yachidule

Zaka zingapo zapitazo bambo wina adabwera kudzationa atanyamula chisoni. Adalandira foni kwa munthu amene amati ali ndi mphamvu yoika dzina la mwana wawo pa mndandanda. Adagulitsa mbuzi zinayi ndi ukonde umene umadyetsa banja, ndalama n'kutumiza pa foni. Munthu uja adapemphanso zina, ati za dokotala. Atatumiza kachiwiri, nambala ija idasiya kupezeka. Mwanayo, podalira kuti zonse zakonzedwa, sadathamangeko ngakhale tsiku limodzi. Bambowo sadapite ku polisi, chifukwa akadakanena chiyani? Kuti adaberedwa pamene amafuna kugula malo a mwana wa munthu wina? Apa ndi pamene pagona mphamvu ya akambelembele amenewa: amadziwa kuti wobedwayo achita manyazi.

Sitikunena kuti m'dziko muno mulibe katangale. Ndife akuluakulu, timamva ndipo timaona. Amene ali ndi umboni woti wina akugulitsa malo akanene ku polisi kapena ku bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB, ndipo ife tili okonzeka kum'perekeza. Koma kufunsira ntchito imeneyi sikulipiritsa, ndipo aliyense wopempha ndalama kuti akulowetseni ndi wakuba, kaya wavala yunifomu kaya ayi. Kwa ife Asilamu nkhaniyi idatha kalekale: wopereka chiphuphu ndi wolandira onse ali m'tchimo limodzi. Malipiro a mwezi ndi mwezi ochokera pa malo olanda mnzako, munthu angawadye bwanji ndi mtima wodekha? N'chimodzimodzi kuchepetsa zaka, kubwereka satifiketi ya mkulu wako, kapena kumanga chithumwa m'chiuno kuti woyeza asaone bwino. Wotchi siona chithumwa.

Tiyerekeze kuti wina walowadi pakhomo lakuseri. Kutsogolo kwake kuli sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima, kumene kwa miyezi ingapo adzadzuka usiku, kuthamanga, kuguba atasenza katundu ndi kugona kutchire. Mayeso a tsiku limodzi aja adaikidwa kuti aone ngati thupi lingapirire zimenezi. Wowazemba wangosuntha tsiku lake lolephera, ndipo adzalephera movulala.

M'mbiri ya Chisilamu muli nkhani imene timaikonda pophunzitsa. Pokonzekera nkhondo ya Uhud m'chaka cha 625, Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Mulungu zikhale pa iye, adayendera gulu lake n'kubweza anyamata amene adawaona kuti ndi aang'ono. Mmodzi mwa iwo, Rafi ibn Khadij, adaloledwa zitadziwika kuti ndi katswiri woponya mivi. Mnzake Samura ibn Jundub, amene adabwezedwa, adadandaula kuti iye amam'gwetsa Rafi akamalimbana. Sadatumize mphatso. Adapempha kuti ayesedwe. Awiriwo adalimbana anthu akuona, Samura adapambana, ndipo adaloledwa. Masiku ano ana salembedwa usilikali, ndipo n'zoyenera kutero. Koma phunziro lake likadalipo: malo amapezeka poonetsa poyera zimene ungathe.

Kukonzekera kwake

M'mera m'poyamba. Wofuna kukhoza adzipatse miyezi inayi kapena kuposerapo, ndipo asadikire chilengezo.

Sabata yoyamba adziyeze. Apeze mtunda wodziwika kutalika kwake, mnzake agwire wotchi ya pa foni, alembe m'kope nthawi yake, mapushapu olondola ndi ma sit-up olondola pa mphindi 2. Manambala oyambawo amachititsa manyazi, koma ndi amene adzamuonetse kuti akupita patsogolo. Azibwereza kudziyeza pakatha sabata zitatu kapena zinayi zilizonse, osati tsiku ndi tsiku.

Mwezi woyamba azithamanga katatu pa sabata, mphindi 20 mpaka 30, pa liwiro loti angathe kucheza ndi mnzake. Akatopa ayende, kenaka apitirize. Aziwonjezera pang'onopang'ono, paja tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Kuyambira mwezi wachiwiri, tsiku limodzi pa sabata likhale la liwiro: kuthamanga mamita 400 pa liwiro limene akufuna kudzathamanga pa mayeso kapena kuposerako pang'ono, kupuma poyenda mphindi ziwiri, n'kubwereza kanayi, kenaka kasanu n'kamodzi, mpaka kasanu n'katatu. Tsiku lina likhale la mtunda wautali mosafulumira. Mapushapu ndi ma sit-up azichita masiku atatu kapena anayi pa sabata, m'magawo ang'onoang'ono, mnzake akuyang'ana ngati msana wawongoka. Khumi olondola aposa makumi atatu ogwedeza mutu.

Kupuma nako ndi gawo la kukonzekera, chifukwa minofu imakula pamene munthu wagona, osati pamene akuthamanga. Sabata yomaliza achepetse zonse kuti akafike ali wopepuka. Nsapato zikhale zimene wazizolowera, osati zatsopano zogula dzulo lake. Chakudya ndi chomwe tili nacho: nsima, usipa, nyemba, mtedza, masamba, mbatata, nthochi, ndi madzi ambiri. Fodya, chamba ndi mowa zimaba mpweya womwe akuufunawo. Zakumwa zija amati zopatsa mphamvu, ndi mapiritsi opha ululu amene ena amamwa asanathamange, zimangobisa chenjezo la thupi ndipo pa dzuwa lathuli zikhoza kuvulaza mtima ndi impso.

Nthawi yabwino kuno kwathu ndi pambuyo pa Fajr kusanatenthe, kapena pambuyo pa Asr. Amene amathamanga mumsewu wa Monkey Bay kapena chitunda cha ku Chowe aziyenda moyang'anizana ndi magalimoto ndipo avale zoonekera patali. M'mwezi wa Ramadhan asasiyiretu, koma achepetse: kuthamanga kopepuka kutatsala pang'ono kufutulu, kapena usiku atadya ndi kumwa, ndipo zolemetsa azisungire pambuyo pa Eid. Popeza mweziwu umabwerera m'mbuyo masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, wanzeru amayang'ana kalendala n'kuwerengeratu.

Atsikana athu sitikuwasiya kunja. Gulu lankhondo la Malawi limalemba akazi, ndipo apolisi, a ndende ndi oteteza nyama zakutchire ku Liwonde nawonso amafuna anthu olimba thupi. Mtsikana angathe kuthamanga atavala modzilemekeza, buluku lalitali lomasuka, malaya aatali ndi hijab yopepuka. Chimene akusowa si chilolezo cha thupi lake, koma malo otetezeka ndi nthawi yakeyake.

Kwa makolo ndi komiti

Tikudziwa kuti si kholo lililonse limafuna mwana wake avale yunifomu, ndipo mantha amenewo si opanda pake. Mu 2013 asilikali athu adayamba kutumikira m'gulu lapadera la United Nations ku DRC pamodzi ndi a ku Tanzania ndi South Africa. Mu November 2018 asanu ndi mmodzi adaphedwa pa nkhondo pafupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, adafa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene adavulala, ndipo mu 2019 United Nations idam'patsa mendulo ya ulemu waukulu. Kukoka munthu wamkulu wovulala zipolopolo zikulira ndi ntchito ya mtima wolimba, komanso ndi ntchito ya mapapo, msana ndi mikono. Tidaonanso mu March 2023, namondwe wa Freddy atasakaza chigawo chakummwera, asilikali akufukula anthu m'matope ndi kuwolotsa ena pa madzi osefukira. Apa ndi pamene timamvetsa chifukwa chake woyeza sakhululuka masekondi asanu. Tsiku lina moyo wa munthu udzadalira masekondi amenewo.

Ntchito imeneyi si yachilendo kwa anthu a kuno. Agogo athu ambiri achiyao adatumikira mu King's African Rifles, ndipo chipilala cha ku Zomba chimakumbutsa amene adatsala ku nkhondo. Asilikali apamadzi a dziko lino ali ku Monkey Bay, m'boma lathu lomwe lino. Banja lililonse likhale pansi, likambirane, lipemphe chiongoko kwa Allah, lisankhe. Koma mwana akasankha njira imeneyi, tisam'tumize chimanjamanja, ndipo tisam'gulitsire mbuzi.

Pempho lathu kwa komiti ndi laling'ono. Tipatseni chilolezo ndi anthu ochepa kuti tiyeze bwalo la sukulu ndi tepi, tikhome zikhomo pa mamita 400 enieni. Tigule mawotchi awiri ndi kope lolembamo manambala. Tikhazikitse masiku atatu pa sabata a anyamata ndi masiku ena a atsikana pamodzi ndi aphunzitsi aakazi, ndipo khomo likhale lotsegukira amene adamaliza kale Fomu 4. Tipemphe azaumoyo a chipatala chathu chapafupi kuti kamodzi pa teremu adzayeze likodzo, magazi ndi maso. Pakati pathu pali asilikali opuma amene timaswali nawo Lachisanu lililonse. Tiwapemphe adzaime pabwalo, adzawerenge mapushapu a ana athu mosakondera monga momwe adzawawerengere kumeneko. Ndipo mashehe athu anene pa Jumu'ah, momveka, kuti malo a ntchito sagulidwa.

Sitikulonjeza kuti aliyense wothamanga nafe adzalembedwa. Malo ndi ochepa, ndipo rizq ili m'manja mwa Mulungu. Koma amene sadzalembedwa adzatsala ndi thupi lathanzi, likodzo lochizidwa, chizolowezi chodzuka m'mamawa, ndi mbuzi za bambo ake zili m'khola.

Inu a Fomu 3 ndi Fomu 4 amene mumatifunsa za usilikali potuluka m'kalasi, tikumane pabwalo Loweruka likubwerali pambuyo pa Fajr, Insha Allah. Bwerani ndi botolo la madzi, kope ndi cholembera. Wotchi tibweretsa ife.